Makhadi a "get": miyezi iwiri ndikulimbana ndi mneni mmodzi

6 Januwale: chimene chinandiputa

Kalasi yathu ya Chingerezi ya akuluakulu imakumana Lachiwiri ndi Lachinayi, 5 koloko madzulo, m'kachipinda kena kuseri kwa tchalitchi kuno ku Kawale. Ophunzira alipo 14. Muli amayi a geni ya tomato ndi ya kaunjika, alonda awiri, telala, mnyamata wa kabaza, mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10, ndi anyamata atatu amene mitima yawo inapita kale ku Joni, kuno kwangotsala matupi. Ambiri sukulu analekezera Sitandade 6 kapena 7.

Tisanatsekere Khirisimasi mtsikana wa ku Area 10 uja anabwera ndi kapepala. Analembapo zimene madamu ake anamuuza tsiku limodzi lokha: "get the kids ready", "get some bread", "it's getting late", "did you get that?", "I'll get back at six". Ndiye anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, paja munati get ndi kupeza. Nanga anawo ndikawapeze kuti, poti ali m'nyumba momwemo?" Kalasi yonse inaseka, inenso ndinaseka nawo, koma kunyumba ndinapita ndi manyazi. Ndine amene ndinalemba pa bolodi kuti get ndi kupeza, n'kudula mzere kunsi kwake ngati nkhani yatha.

Ndaganiza zopanga zinthu zitatu: makhadi 60, tchati chimodzi chapakhoma, ndi kabuku koti aliyense atenge. Ophunzira asonkha K1,000 aliyense, yakwana K14,000. Ine ndaikapo K16,000. Tili ndi K30,000.

11 Januwale: kugula zipangizo

Ndinatsikira m'tauni ku Area 2. Mapepala a manila 8 pa K800 lililonse, K6,400. Mamaka atatu, wakuda, wofiira ndi wabuluu, K4,500. Selotepi wamkulu mmodzi, K2,500. Minibasi popita ndi pobwera, K2,000. Zonse K15,400, ndiye yatsala K14,600.

Mamaka ndinagula kwa mnyamata wina wogulitsa m'mbali mwa msewu chifukwa anali otsikirako mtengo kusiyana ndi m'sitolo. Sindinawerenge zolembedwa pathupi pake. Nkhani imeneyi ibweranso.

15 Januwale: kudula ndi kulemba

Tchuthi cha Chilembwe ndathera pamkeka ndi lezala ndi rula. Ndinapempha sizasi kwa atelala, anandikaniza mwaulemu: sizasi ya nsalu ikadula pepala imabuntha. Pepala limodzi la manila likutulutsa makhadi 16. Awiri ndawasungira tchati, anayi ndawadula, awiri ndangowaika padera.

Kenako ndinatsegula mtanthauziramawu wanga wakale pa get n'kuyamba kukopera. Nditadutsa matanthauzo 20 ndinaona kuti masamba akupitirirabe, ndiye ndinangosankha amene ndinawaona ofunika. Kutsogolo kwa khadi Chingerezi, kuseri Chichewa. "Get up", kudzuka. "Get tired", kutopa. "Get lost", kusochera. Pa tchati ndinajambula get pakati ndi maka wofiira, mivi 24 ikutuluka mbali zonse ngati miyendo ya bongololo. Chinkaoneka bwino kwabasi, moti mayi a kunyumba anati chikuyenera kukapachikidwa muofesi.

16 Januwale: kuyesa koyamba

Sizinayende. Anthu analoweza makhadi ngati matebulo a masamu, ndikakweza khadi onse pamodzi, "Kudzuka!" Patatha theka la ola ndinabisa makhadi n'kunena kuti, "Kunja kukuda. Ndani anene zimenezi m'Chingerezi?" Zii. Khadi la "get dark" anali atangoliimba kumene. Mmodzi wa anyamata a Joni anayesa: "Outside is get dark." Amayi a kaunjika anayang'ana tchati nthawi yaitali, kenako anati, "Aphunzitsi, mivi yonseyi munthu ungaisenze? Ine mutu waima."

Ndinadziuza kuti n'chifukwa choti ndi tsiku loyamba.

21 Januwale: geti

Lero phunziro lonse latha ndi katchulidwe, zimene sindinaziike n'komwe m'dongosolo. M'Chichewa mawu amathera ndi lembo la liwu, ndiye pakamwa pathu get amatuluka "geti". Abambo aakulu mwa alonda aja anati masiku awo oyamba pantchito, bwana akanena chilichonse chokhala ndi get, iwo ankathamangira ku geti. Choseketsa n'chakuti nthawi zina ankalondola, chifukwa mzungu akamva hutala panja amanenadi kuti "get the gate", kutanthauza kuti pita ukatsegule. Chimodzimodzi "get the door" ndi "get the phone": sakukutuma kuti uzule chitseko, akuti kaone amene akugogoda, kapena yankha foni. Zimenezi pa makhadi anga panalibe.

Got nayenso amamveka ngati "goat". Tinakhala mphindi 15 tikusinthanitsa "I got it" ndi mbuzi mpaka anthu misozi m'maso ndi kuseka. Chimene chinathandiza n'kuika chala pamilomo: ukatchula t womaliza, kamwa itsekeke pomwepo, usalole "i" kutuluka.

Mnyamata wa kabaza anawerenga get ngati "jet". Nditamukonza anatsutsa, ndipo anali ndi mfundo: bwanji "general" ndi "Germany" timatchula ndi j? Ndinamuuza zimene ndikudziwa, kuti mawuwa Angerezi anawatengera kwa anthu a ku Scandinavia, ma Viking aja amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England zaka zoposa 1,000 zapitazo. Kwawoko ankati "geta", ndipo g wolimbayo anabwera naye. Anangoti, "Ndiye nawonso ndi obwereka." Eya.

24 Januwale: khadi limene likanachotsetsa munthu ntchito

Foni inalira 6 koloko m'mawa. Anali abambo a ulonda aja, mawu akunjenjemera. Dzulo lake bwana anawatuma kukasiya envelopu ku Area 43, iwo anasokonezeka ndi misewu ya kumeneko, n'kubwerera patatha maola atatu. Bwana atawafunsa kuti anali kuti, iwo anakumbukira khadi langa, anaima mwaulemu, manja kumbuyo, n'kuyankha kuti, "Get lost, sir."

Amene mumadziwa Chingerezi mwaona kale pamene pagona tsoka. "I got lost" ndiye kuti ndinasochera. Koma "get lost" payekha, wopanda mwini wake kutsogolo, ndi mawu othamangitsira munthu, ngati kunena kuti choka apa, usandisokose. Akuti bwanayo anangoti kakasi, nkhope yonse psuu. Mwayi wake wa m'dimba anali pafupi ndipo amayankhula Chingerezi chomveka, ndiye anafotokoza. Ntchito yapulumuka, koma abambowo anandiuza mosapsatira kuti, "Aphunzitsi, ine ndinanena zimene munalemba."

Ananena zoona. Vuto silinali pakamwa pawo. M'Chingerezi mneni ukamuika yekha kumayambiriro kwa chiganizo amasanduka lamulo, ndipo makhadi anga onse 60 ndinawalemba choncho. Ndinawayala pansi usiku n'kuwawerenganso ndi maso a bwana uja. "Get out", tuluka. "Get away", choka. "Get down", tsika. Ndinali nditagawira anthu mulu wa mawu okalipira, kuseri kwake nditalemba Chichewa chofatsa cha "ku-".

Lamulo latsopano: khadi lililonse likhale ndi chiganizo chathunthu, chokhala ndi wochita ndi nthawi yake. Osati "get lost", koma "Sorry, I got lost", kuseri "Pepani, ndinasochera". Makhadi onse 60 ndawataya. Sanatayike kwenikweni, ana akuseweretsa.

28 Januwale: mvula

Mvula ya Loweruka inalowa pa lata lobooka, madzi n'kutsetsereka khoma lomwe panali tchati. Apa m'pamene ndinadziwa kuti mamaka aja anali olembera pa bolodi yoyera, ofufutika. Wofiira anasungunuka yense, get wapakati uja anasanduka banga ngati pathiridwa sobo. Manila awiri, K1,600, apita.

Sindinadandaule kwambiri. Tchati cha mivi 24 chinali chitandikana kale.

1 Febuluwale: makatoni ndi phala

Ndalama sizikulola manila ena. Mwini golosale wa pafupi ndi kwathu wandipatsa makatoni asanu a sopo ulere. Ndagula mapepala oyera 40 pa K1,600, ufa wa kondowole wa K500 wophikira phala lomatira, maka wakuda wosafufutika K2,000, ndi maselotepi awiri K5,000. Zonse K9,100. Yatsala K5,500.

Phala la chinangwa limamata bwino, koma likhale lamadzimadzi ndipo lipakidwe mopyapyala, apo ayi pepala limachita makwinya. Makhadi oyamba ndinawayanika padzuwa, onse anapindika ngati chikopa. Otsatirawo ndinawaika pansi pa matiresi usiku wonse, anatuluka owongoka.

M'mawa wachitatu ndinapeza 9 atadyedwa m'makona. Mphemvu, mwinanso mbewa. Ndinaiwala kuti chimene ndamatira n'chakudya. Tsopano khadi likauma ndimalikuta selotepi mbali zonse, ndipo onse amagona m'ndowa yotseka. Kukuta kumeneku kumadya selotepi kwambiri, mmodzi amakwana makhadi ngati 30 basi.

Tchati chatsopano ndilemba pa thumba loyera la makilogalamu 50, lotumbula n'kuchapa. Atelala apinda m'mphepete. Mvula ibwere.

4 Febuluwale: milu inayi

Lero ndiye tsiku limene ntchitoyi yatembenuka, ndipo nzeru yake sinachokere kwa ine.

Ndinayamba ndi kupepesa kuti Chingerezi n'chovuta, mawu amodzi matanthauzo ambirimbiri. Amayi a tomato, amene nthawi zambiri amakhala phee kumbuyo, anati, "Nanga ife kumva? Ndikumva njala, ndikumva fungo, ndikumva kuzizira, ndamva zimene mwanena, mwana uyu samva. Mzungu atafuna kuphunzira, mungamulembere mivi ingati?" Atelala anawonjezera kugwira: kugwira ntchito, kugwira wakuba, kugwira mwendo, kugwira njakata. Wina anati kutenga: kutenga mimba, kutenga matenda, kutenga mbali. Ndinawafunsa kuti nanga amadziwa bwanji kumva kumene kukunenedwa. Amayi aja anayankha ngati ndafunsa zachibwana: "Timamvera mawu otsatirawo."

Ndinakhuthula ndowa ya makhadi patebulo n'kuwauza kuti asayang'ane get, ayang'ane chimene chabwera pambuyo pake, ndipo aunjike ofanana pamodzi. Anakangana, anasuntha, anabwezera. Itakwana 6 koloko panali milu inayi.

Mulu woyamba, pambuyo pa get pali chinthu. "I got a job", ndapeza ntchito. "I got your message", ndalandira uthenga wanu. "Get some sugar", ukagule shuga. "Get me a chair", kanditengere mpando. "She got malaria", wadwala malungo. Ife timasiyanitsa kupeza, kulandira, kugula ndi kukatenga, koma Chingerezi cha tsiku ndi tsiku sichilabadira njira imene chinthucho chadzera, bola chafika m'manja mwako kapena m'thupi mwako. "I get it" anavuta pang'ono, mpaka mnyamata wa kabaza anati nayonso nkhani imafika m'mutu, ndiye ikhale momwemo. Ndi "are you getting me?" amene timamva pa foni tsiku lililonse kuno.

Mulu wachiwiri, pambuyo pake pali mmene munthu kapena chinthu chilili: tired, angry, wet, old, dark, drunk. Apa get alibe Chichewa chake ayi. Ife tili ndi mneni mmodzi pa chilichonse, kutopa, kukwiya, kunyowa, kukalamba, kuda, kuledzera, pamene Chingerezi chimafuna mawu awiri, ndipo ntchito ya get ndi kusonyeza kuti zinthu zasintha, sizinali choncho poyamba. "I am tired" ndi ndatopa. "I'm getting tired" ndi ndayamba kutopa. Mtsikana wa ku Area 10 anafuula yekha kuti "it's getting late" ndiye kuti nthawi ikutha, ndipo "get the kids ready" ndi kuwakonzekeretsa ana, osati kuwasaka. Malo amodzi okha pamene kupeza kwanga kuja kunagwira ntchito ndi "he's getting better", akupezako bwino, koma zimenezo zangochitika mwamwayi.

Mulu wachitatu, pambuyo pake pali malo, ndipo tanthauzo ndi kufika. "I got to Blantyre at noon." "What time did you get home?" Msampha wake ndi "to": amafunika pa dzina la malo, koma pa home, here ndi there saikidwa. Theka la kalasi likunenabe "get to home". Ndalemba mawu atatuwo pakona ya bolodi ndipo sindikufufuta.

Mulu wachinayi ndi wa timawu tating'onoting'ono, up, on, off, over, by. Umenewo tinaubwezera m'ndowa kaye.

Mamaka ofufutika aja apeza ntchito: ndikuika kadontho ka mtundu pakona ya khadi ndisanakute selotepi, kuti milu isasakanikirane.

11 Febuluwale: kukonza ndi kukonzetsa

Ndinkaopa phunziro ili kuposa onse, chifukwa ineyo ku sekondale linandizunza. Latha m'mphindi 20.

Ndinafunsa wa kabaza kuti njinga ikawonongeka amatani. Anati tayala amamata yekha, koma sipoko amakakonzetsa. Ndinalemba mawu ake awiriwo pa bolodi: ndakonza, "I fixed my bike", ndakonzetsa, "I got my bike fixed". Basi. Ka "-ets-" ndi "-its-" kathu kaja ndi kamene Chingerezi chimanena ndi get. Anthu anayamba kutulutsa okha: ndametetsa, "I got my hair cut", ndasoketsa diresi, "I got a dress made", ndatchajitsa foni, "I got my phone charged". Mabuku a galamala amene ndili nawo amathera masamba pa nkhani imeneyi, chifukwa analembera anthu amene m'chinenero chawo mulibe kachidutswa kotere.

Chimene chinavuta ndi dongosolo la mawu. Pafupifupi onse ankati "I got fixed my bike". Ndinadula zotsala za makatoni m'timizere, mawu amodzi pa kachidutswa kamodzi, n'kupatsa anthu anayi kuti aime kutsogolo atanyamula, anzawo aziwasuntha mpaka chiganizo chilongosoke. Amayi a kaunjika ananyamula "my bike" ndipo anakankhidwa katatu asanakhazikike pakati. Sindinawononge ndalama iliyonse.

Lachinayi tinapitiriza ndi zochitikira munthu: "I got paid", ndalipidwa, "he got fired", wachotsedwa ntchito, "they got arrested", amangidwa. Anyamata a Joni anafunsa okha za "got deported", ndipo panalibe amene anaseka. "Get married" anadzutsa mkangano, chifukwa abambo ena sanakhulupirire kuti kukwatira ndi kukwatiwa m'Chingerezi ndi mawu amodzimodzi. Anati ndiye chinenero chopanda mwambo. Chofunika kukumbukira n'chakuti amati "married to", osati "married with", ngakhale pakamwa pathu "ndi" amakokera ku "with".

18 Febuluwale: minibasi ya mipando

Mulu wachinayi ulibe njira yachidule, ndipo ndasiya kuifunafuna. Poyamba ndinali ndi makhadi 26 a mulu umenewu. Ndachotsa 14. Munthu wogulitsa tomato safunika "get at" kapena "get round to" chaka chino.

Kukwera ndi kutsika tinachita ndi thupi. Tinandandalika mipando ngati minibasi, mlonda wachinyamata uja n'kukhala kondakitala. Basi, sitima, ndege, njinga ndi njinga yamoto ndi "get on" ndi "get off". Galimoto yaing'ono ndi "get in" ndi "get out of". Ife zonsezi timangoti kukwera ndi kutsika, ndiye palibe pogwira. Chimene chinathandiza ndi ichi: ngati ungathe kuimirira mkati mwake, kapena ukukhala pamwamba pake, ndi on, ngati ukuwerama polowa n'kukhala pansi nthawi yomweyo, ndi in. Wina anafunsa kuti nanga minibasi yathuyi, imene umalowa chowerama koma ndi basi? Ndinati onse awiri amamveka, asataye nazo tulo. Ndinawachenjezanso anyamata aja kuti ku Joni minibasi amaitcha "taxi".

Kondakitala wathu ankafunsa "Where are you dropping?" monga timanenera kuno. Pakati pa ife tokha zimamveka, koma mlendo angaganize kuti ukufunsa za katundu amene wagwa. Tinaika khadi la "I'm getting off here".

Otsalawo tinawaika m'ziganizo za moyo wa eni ake. "I get up at four" ndi wa amayi a tomato, amene amalawirira kukapikula. "I couldn't get through" ndi wa aliyense amene anayesapo kuimba foni kumudzi netiweki itavuta. "We get on well", timagwirizana. "She got over it", zinamuchoka mumtima. "We get by", tikukhalira zomwezo, amene kalasi yonse inamukonda chifukwa ndi Febuluwale. "Get rid of" ali ndi vuto lakelake: l ndi r kwa ife ndi amodzi, ndiye akutuluka "get lid of", chivundikiro cha poto. Sitinalithetse.

20 Febuluwale

"I've got" si nthawi yakale. "I've got a headache" ndiye kuti mutu ukundipweteka panopa, ndipo "I've got to go" ndi ndiyenera kupita. Ndinaiwaliratu kuika zimenezi, anandikumbutsa ndi mtsikana wa ku Area 10, amene amazimva tsiku lililonse. Makhadi ena anayi. Wina anafunsa za "gotten" wa m'mafilimu: ndi wa ku America, pamene Chingerezi cha ku Britain chimene timatsatira m'sukulu zathu chimangoti got. Ndawauza kuti azimumva, koma asavutike kumugwiritsa ntchito.

Tchati cha pathumba chapachikidwa. Mizere inayi yokha, chitsanzo chimodzi pa mzere.

22 mpaka 27 Febuluwale: kabuku

Masamba 12 aang'ono, kutanthauza mapepala atatu a A4 olembedwa mbali zonse n'kupindidwa pakati. Otayipa m'tauni anati K500 pa tsamba, K6,000, ndalama imene tilibe. Mphwanga anavomera kutayipa pa laputopu yake ulere.

Zaulere zili ndi mtengo wake. Kompyuta inadula mizere yofiira kunsi kwa Chichewa chonse, iye n'kumangovomera zimene ikumuuza, moti "ine" anasanduka "one" m'malo asanu ndi awiri. "Get off" anamulemba "get of" paliponse, ndipo pamenepo kompyuta inangokhala chete poti "of" ndi mawu enieni. Ndinakhala naye pambali usiku wa Lamlungu tikukonza mzere ndi mzere, magetsi n'kuzima tili pa tsamba 9, batire ya laputopu yake ndi yakufa. Tinayambiranso Lolemba kuchokera pa tsamba 5, pamene anasungira komaliza.

Cholakwa chachikulu chinali changa. Tinasindikiza masamba motsatana, 1 ndi 2 mbali imodzi, 3 ndi 4 kuseri. Nditapinda, tsamba loyamba linapezeka kumbuyo. K1,200 yapita. Amene mukufuna kupanga kabuku kopinda, yambani mwatenga mapepala atatu opanda kanthu, muwapinde, mulembe manambala 1 mpaka 12 ndi pensulo, kenako muwatambasule. Mudzaona kuti 12 amakhala ndi 1, 2 ndi 11, 10 ndi 3, choncho mpaka pakati pamene 6 ndi 7 amakumana. Mnyamata wa pa fotokope anandionetsa zimenezi nditalipira kale.

Kusindikiza kawiri, K2,400. Fotokope ya timabuku 15, mbali 6 kalikonse pa K100, K9,000. Minibasi K2,000. Zonse K13,400, pamene m'thumba munali K5,500. Ndinapempha kalasi K500 aliyense, anapereka anthu 11, K5,500. Atatu enawo sindinawakumbutse, mwezi uno ndi wa njala. K2,400 yotsalayo ndaika ine. Ntchito yonse yadya K37,900.

3 Malichi: kusoka

Sitepula wamba safika pakati pa pepala lopinda. Atelala anati ndibwere nato ku shopu pa tchuthi, n'kutisoka pa makina ngati akusoka msoko wa thalauza. Koyamba kanang'ambika chifukwa msoko unali wothithikana, mabowo anayandikana ngati a risiti yong'amba. Atatalikitsa msoko, 14 totsalato tinatha mu ola limodzi. Zikuto tinadula ku manila awiri amene ndinasunga mu Januwale ndi kalendala yakale. Anakana kulandira kanthu, anangoti kabuku kawo kakhale ka chikuto cha manila, osati cha kalendala. Kong'ambika kaja ndamata selotepi, ndi kanga.

11 Malichi: kuyesa

Anabwera 12. Sindinawapatse pepala. Ndinkanena zochitika m'Chichewa, munthu aziyankha m'Chingerezi, mafunso 10 aliyense. "Mwafika mochedwa kuntchito chifukwa munasochera, muwauza chiyani abwana?" Limeneli ndinawasungira abambo a ulonda. Anaimirira, anakonza kolala, n'kunena pang'onopang'ono, "Sorry sir, I got lost." Kalasi inaomba m'manja ngati chigoli.

Asanu ndi atatu anakhoza mafunso 7 kapena kuposa. Mulu wachiwiri ndi wa kukonzetsa palibe amene anaphonya kopitirira kamodzi. "Get to home" akadalipo mwa anthu asanu. "Get in" ndi "get on" akusinthanabe. Amayi ena awiri amadziwa yankho koma amaiwala kusintha get kukhala got akamanena zadzulo, ndipo pamenepo vuto ndi makhadi anga: ambiri a mulu wachitatu ndinawalemba m'nthawi imodzi. Ndilembanso 8, lililonse ndi "yesterday" kapena "every day" kuti kusiyanako kuoneke. Selotepi watha, ndiye adikira malipiro.

13 Malichi

Mmodzi wa anyamata atatu aja sanabwere Lachiwiri chifukwa ananyamuka sabata yatha, basi yodzera ku Tete ndi Harare. Lero m'mawa walemba pa WhatsApp: "Teacher I got here safe. We got stucked at Beitbridge 9 hours." Ndamuyankha kuti ndi "stuck", wopanda "-ed", ndipo ndalemba khadi latsopano, "We got stuck at the border", kuti awiri otsalawo alipeze. Lili pansi pa matiresi.

Kalasi yapempha kuti tikatsegulira tiyambe "take". Ndauza mwini golosale kuti asataye makatoni.